Nova ya 1972: pansi pa boneti pali chipwirikiti, ndiyambire pati?

Mbewe (South Bend):
Moni nonse akuluakulu. Ndagula Chevrolet Nova ya 1972 kwa mdala wina kuno ku Indiana, ku America. Bodi ili bwino, injini ndi V8 ya 350 (kukula kwake m'ma cubic inch) ndipo ikulira mokoma, koma ukatsegula boneti umachita kugwira pakamwa. Mawaya ali balalabalala, ena anawalumikiza ndi tepi imene inasungunuka kalekale, oyilo wadetsa paliponse, pansi pa batire pachita dzimbiri, ndipo wina anaikapo fyuluta ya petulo yagalasi imene ikulendewera pamwamba pa manifold. Chisanu chayamba, m'misewu ayamba kuthira mchere, choncho galimotoyi ikhala m'galaja mpaka cha mu Epulo. Ndikufuna nthawi imeneyi ndikonze m'menemo: mawaya onse abisike, firewall (chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu) isalale, tapeti kava zikhale za chrome. Ndili ndi jeke, masitandi, kompulesa yaing'ono ndi manja awiriwa. Zithunzi ndaika pano. Ndiyambire pati?

Kabaza27:
Akulu, yambirani kuikweza pa sitima ibwere ku Beira. Ndikailandira ndine, za boneti tikambirana ili pa Area 25.

Che Saidi (Boksburg):
Achimwene a Mbewe, mwagula chinthu chabwino. Koma za chrome ziikeni kaye pambali. Fyuluta yagalasiyo ichoke lero lomwe. Imakhwefuka yokha ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo galasi likangogunda chitsulo lasweka. Petulo akathikira pa ekizozi yotentha, palibenso Nova. Ikani yachitsulo.

Kenako jambulani chilichonse ndi foni musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe: mawaya, mapaipi a vacuum, sipuling'i ya kabuleta, ma bracket a alitaneta. Mukatero tsukani injini ikadali m'galimoto, iume, muwaze pawudala wa ana m'mbali mwa tapeti kava, kumbuyo kwa intake manifold ndi kuzungulira timing cover. Lizani injini itenthe bwino, chitseko cha galaja chili chotsegula. Oyilo amadzijambula yekha pa pawudalayo, kamzere kakuda kochokera pamene pakudonthapo penipeni. Pa 350 malo okayikitsa amadziwika: tapeti kava, mpanda wakumbuyo kwa manifold, switch ya oil pressure imene ili pafupi ndi distribyuta, ndi rear main seal (seal ya oyilo ya kumbuyo kwa crankshaft). Ambiri amanamizira rear main pamene wolakwa ndi switch ija, chifukwa oyilo amatsikira kumbuyo n'kukagwera malo omwewo. Mukapenta musanatseke zimenezi, penti yanu idzakhala yoyera mpaka tsiku loyamba kuyenda basi.

A Chirwa (Cape Town):
Ndisanamve za penti, ndifunse: injiniyo ndi yake yobadwa nayo? Chaka cha 1972 ndi pamene GM, kampani yopanga Chevrolet, inayamba kuika chilembo cha injini mu VIN (nambala ya chassis), chilembo chachisanu. Onaninso kutsogolo kwa buloko, mbali ya pasenja, patsogolo pa cylinder head pali kamalo kafulati pamene anadinda manambala. Ngati akugwirizana ndi VIN, ine ndinganene kuti musaboole, musawotcherere, ingobwezerani mmene fakitale inachitira. Galimoto yotere mtengo wake uli m'manambalamo.

Mbewe (South Bend):
Bambo Chirwa, ndatsika kukaona. Chilembo chachisanu ndi F. Pa kamaloko pali penti yokhuthala koma manambala amene ndikutha kuwerenga sakufanana ndi a VIN. Kumbuyo kwa buloko, mbali ya dalaivala, palembedwa 3970010. Ndipo chinanso, pamene penti ya olenji yakanganuka pakuoneka buluu pansi pake.

A Chirwa (Cape Town):
Ndiye mwamasuka. F ndi injini ya 307, kusonyeza kuti 350 imeneyo inalowamo pambuyo pake. 3970010 ndi nambala imene ili pa mabuloko ambirimbiri a 350 a m'zaka za m'ma 1970, ndipo buluu ameneyo akutiuza zambiri: Chevrolet inkapenta ma V8 ake olenji mpaka cha mu 1976, kuyambira 1977 n'kusinthira ku buluu. Wina anaigula kwina n'kuipopera olenji kuti ioneke yakale. Chitani zimene mtima wanu wakonda. Ndingopempha chimodzi: kachitsulo ka trim tag kamene kali pa cowl musakachotse kapena kukapala ndi grinder. Kali ndi nambala ya mtundu wa penti ndi ya mipando, ndipo marivet ake akasinthidwa wogula aliyense wodziwa amayamba kukayikira galimoto yonse.

Mdala Zgambo (Mzuzu):
Mwanawe Mbewe, tulutsa injini. Ndapopera magalimoto zaka zambiri, sindinaonepo munthu akupenta firewall bwino injini ili m'malo. Kumbuyo kwa distribyuta dzanja silifika, pansi pa brake booster sipafikika, ndipo kumeneko ndi kumene dzimbiri limagona. Kuno timakoleka tcheni buloko pa mtengo wa mango, iwe kumeneko chokwezera injini umachita kubwereka tsiku limodzi. Usaope.

Che Saidi (Boksburg):
Adala akunena zoona, ndipo Nova ndi yachifundo pa nkhani imeneyi. Kutsogolo kwake konse n'komanga ndi mabawuti, mofanana ndi Camaro ya 1967 mpaka 1969: boneti, ma fender, ma inner fender, chogwirizira rediyeta, zonse zimachoka n'kutsala subframe (chassis yakutsogolo) yokha ndi injini ili poyera. Si ngati Dodge kapena Mustang kumene ma inner fender anawotchereredwa ku bodi. Musanachotse boneti zungulizani ma hinge ndi pensulo, ndipo timashimu timene tili pansi pa mabawuti a fender tisungeni m'timatumba, kulemba malo ake. Mukatisakaniza mudzalimbana ndi mipata ya zitseko mpaka mudzatope.

Masipana: galimotoyo ndi ya mainchesi. 1/2, 9/16, 5/8. Sipana ya 13 imalowa pa bawuti ya 1/2 koma imagwedera pang'ono, pa bawuti yadzimbiri imangofafaniza mutu.

Nachisale (Lilongwe):
Achimwene, ine ntchito yanga ndi mawaya a galimoto, ndiye ndiloleni nditalikitse pang'ono, chifukwa mawu akuti "mawaya onse abisike" andidetsa nkhawa.

Kubisa waya n'kosavuta. Vuto ndi tsiku limene wayayo adzafune kuonedwa. Ndimalandira magalimoto amene eni ake analowetsa mawaya m'kati mwa chassis, ena kuseri kwa fender kumene sungafike osamasula theka la galimoto. Waya akakhuzika pa chitsulo m'menemo, umangomva fungo la pulasitiki yopsa osadziwa kumene ukuchokera utsi. Ndipo obisa ambiri amawonjezera utali wa mawaya polumikiza zidutswa, ndiye malo olumikizawo amakhala ndendende kumene madzi ndi matope a tayala amamenya. Kwanuko kulinso mchere.

Chimene chimapangitsa pansi pa boneti kuoneka bwino si kusowa kwa mawaya ayi, koma kuti onse akuyenda njira imodzi, atamangidwa pamodzi, atagwiridwa ndi ma clip pa mipata yofanana, ndipo palibe waya amene alibe ntchito. Nova ya 1972 ilibe kompyuta, mawaya ake a injini mutha kuwawerenga ndi zala: sitata, alitaneta, ignition, oil pressure, temperature, choke ngati ndi ya magetsi, wiper, nyale ndi hutala. Mukaona mawaya ambiri kuposa pamenepo, ochuluka mwa iwo ndi a anthu amene anadutsapo ndi ma wailesi ndi ma alamu awo. Atsatireni limodzilimodzi, opanda ntchito achoke.

Mawaya a fakitale nawo akwanitsa zaka zoposa 50, chikopa chake chimathetheka ukachipinda. Kumeneko harness yatsopano ya Nova imapezeka yopangiratu, ya injini payokha, ya nyale payokha, ndipo zonse zimangolowa pa bulkhead connector imene ili pa firewall kuseri kwa bokosi la mafyuzi. Ndalama imene mukufuna kugulira chrome gulirani zimenezo. Pokulunga gwiritsani tepi ya harness yopanda guluu, osati insulation tepi wamba, guluu wake ndi amene wasanduka phala limene mwalipezalo.

Ndifunse: distribyuta yanu ndi yaing'ono yokhala ndi koyilo payokha, kapena ndi yaikulu koyilo ili pamwamba pa kapu?

Mbewe (South Bend):
Achemwali, ndi yaikulu, koyilo ili mu kapu. Waya wopita kumeneko ndi wokutidwa ndi kansalu, ndipo anamulumikiza ndi waya wofiira pakati.

Nachisale (Lilongwe):
Ndinadziwa. Imeneyo ndi distribyuta ya HEI, yopanda ma points, GM inayamba kuiika pa magalimoto onse mu 1975, ndipo imafuna 12 volts yathunthu. Waya wa kansaluyo ndi resistor wire ya distribyuta yakale ya ma points, ntchito yake ndi kuchepetsa moto kuti ma points asapse. Ndiye HEI yanu ikudya theka la chakudya chake. Imalira, inde, koma mukaponda kwambiri imayamba kuphonya. Musanatulutse injini ikani mita pa terminal yolembedwa BAT injini ikulira, muone nokha. Mankhwala ake ndi kuchotsa wayayo kuyambira pa bulkhead n'kuikapo wa 12 gauge wamba. Mukamagula harness yatsopano nenani kuti mukufuna ya HEI.

Chachiwiri, alitaneta. Ya 1972 inkayenda ndi kabokosi ka regulator kapanja. Kuyambira 1973 anabweretsa alitaneta ya 10SI imene regulator yake ili m'kati. Mukaika 10SI kapena 12SI, kabokosi kaja ndi mawaya ake zimachoka, mwayeretsa ngodya yonse popanda kubisa kanthu. Koma tengani ya mawaya atatu. Ya waya mmodzi imaoneka yaudongo, koma nyale ya pa dashibodi yochenjeza kuti batire sikutchaja imasiya kugwira ntchito, ndipo zina sizimayamba kutchaja mpaka mutaponda mafuta kaye.

Chachitatu, ma fusible link. Amaoneka ngati timawaya tachabe tokhala ndi chotupa, ndipo anthu okonda udongo amawadula. Amenewo ndi amene amapsa m'malo mwa galimoto. Asiyeni, ndipo akhale poti mutha kuwagwira.

Kabaza27:
Asisi mwaphunzitsa kalasi yonse ulere. Koma ine ndikuti galimoto ya show ndi ya show, mawaya asaoneke basi. Ma Golf a ku Joni timawaona pa Facebook, injini imakhala ngati ikuyandama.

Nachisale (Lilongwe):
Amenewo ambiri amabwera pa trela n'kubwerera pa trela, aise. Afunseni a Mbewe ngati akufuna kumaikankha kapena kumaiyendetsa.

Mbewe (South Bend):
Kuiyendetsa ndithu, mpaka ku Chicago nyengo yotentha. Koma mawaya a nyale okha, kodi sangadutse pansi pa mlomo wa fender? Ndi amene amaonekera kwambiri.

Nachisale (Lilongwe):
Amenewo angadutse, bola akhale athunthu opanda cholumikiza, m'kati mwa chikopa choteteza, atagwiridwa ndi ma P-clip pamwamba kumene tayala siliwaza, ndipo pobowola pamene akudutsa pakhale grommet ya labala. Mukamasula inner fender muwaone onse. Pamenepo sinditsutsa.

Mdala Zgambo (Mzuzu):
Tsopano za penti. Ntchito yeniyeni ndi kutsuka, kupoperako ndi kwa ola limodzi. Girisi wa zaka zonsezo yamba wamupala ndi chopalira, kenako degreaser ndi bulashi, kutsuka, kubwerezanso mpaka nsanza yoyera ukapukuta izibwera yoyera. Mankhwala otsukira uvuni amadya girisi bwino pa chitsulo, koma asakhudze aluminiyamu, amaidetsa n'kuisiya mawangamawanga. Pansi pa batire thira soda wophikira wosungunula m'madzi, uona pakuchita thovu, ndiye asidi akufa ameneyo. Ukapenta asidi alipo, dzimbiri limatulukiranso pansi pa penti.

Pamene pafika pa chitsulo, epoxy primer. Pamwamba pake yakuda ya semi-gloss, ndi mmene GM inkachitira pa firewall ndi ma inner fender. Usatengeke ndi yakuda yonyezimira kwambiri. Imaulula chibowo chilichonse ndi fumbi lililonse, ndipo injini ya olenji imaoneka bwino kumbuyo kwake kukakhala kodekha. Zimene sungachotse, monga mapaipi a mabuleki ndi steering box, zikulunge ndi foyilo ya kukhitchini. Imagwira yokha mmene chinthucho chapindikira, tepi siingafikepo.

Koma mwanawe, wanena kuti kwanu ndi chisanu. Penti siuma bwino chitsulo chikazizira kutsika madigiri 15, ndipo chitsulo chimazizira kuposa mpweya. Tenthetsa galaja kaye, kenako zimitsa chilichonse chokhala ndi lawi la moto usanayambe kupopera. Ndipo ngati ndi penti ya 2K, yosakaniza ndi hardener, hardener yakeyo ili ndi isocyanate, mankhwala owononga mapapo, kamasiki ka pepala sikathandiza. Anzanga ena amene tinkapopera nawo opanda chotchinga lero akupuma movutika. M'galaja yolumikizana ndi nyumba imene mukugona ana, ine sindingapopere 2K.

Che Saidi (Boksburg):
Ndiwonjezere pa za adala. Ngati muwotcherera timabowo ta pa firewall, musatsukepo ndi brake cleaner ya chlorine. Ikakumana ndi moto wa welding imatulutsa phosgene, mpweya wakupha. Acetone ndi yokwanira, iume kaye. Ndipo chotsani kapeti ndi zofunda za kuseri kwa firewall, zimayaka mwakachetechete inu muli kutsogolo.

Mbewe (South Bend):
Za 2K ndamva, ma inner fender ndi chogwirizira rediyeta ndipereka kwa a powder coating, firewall ndipopera ya m'zitini. Nanga hita? Bokosi lake ndi loipa, ndimafuna kulichotsa ndiike chitsulo chafulati.

Tembo (Chipata):
Ba Mbewe, ku Chipata hita mungachotse, palibe angakufunseni. Koma kwanuko? Hita ndi imene imapukuta nthunzi pa galasi lakutsogolo. Mvula ikakupezani madzulo muzidzayendetsa ndi nsanza m'manja.

Mdala Zgambo (Mzuzu):
Isiye. Litsuke bokosilo, ulipente, usinthe heater core pamene zonse zili poyera, chifukwa ikadzaboola pambuyo pake udzamasula fender yopentapenta. Ndipo firewall yosalala ngati tebulo imafuna filler yambiri. Firewall imatentha n'kuzizira, imagwedezeka ukaponda buleki, filler yokhuthala imang'aluka. Tseka mabowo opanda ntchito, sanja pamene pali zibowo zazikulu, mizere ya fakitale isiye. Ndi imene imalimbitsa chitsulocho.

Tembo (Chipata):
Funso langa ndi la mapaipi a petulo. Pa chithunzi ndikuona paipi ya labala kuchokera pa pampu mpaka pa kabuleta. Ndi mmene zimakhalira?

Che Saidi (Boksburg):
Ayi, fakitale inkaika yachitsulo kuchokera pa pampu mpaka pa kabuleta. Labala yaitali choncho imabwera munthu akasintha kabuleta n'kuchita ulesi. Pa chithunzi ndikuona ngati kabuleta ya Edelbrock. A Mbewe, gulani paipi yachitsulo ya 3/8, chopindira ndi flaring tool, muipinde nokha. Yambani mwapinda waya wa hang'ala kuti mupeze njira, kenako mukopere pa paipi. Idutse kutsogolo kwa injini, kutali ndi ekizozi, labala ingotsala tizidutswa tolumikizira. Ku mipikisano ya liwiro la magalimoto ya bungwe la NHRA kwanuko salola labala yoposa mainchesi 12 pa galimoto yonse, ndipo lamulo limenelo silinabwere chifukwa cha kukongola. Paipi yachitsulo yopindidwa bwino imakongoletsanso kuposa zija zoluka zonyezimira zongovekera pamwamba pa labala.

Edelbrock sikonda presha yambiri, ikapitirira 6 psi imayamba kusefukira. Mukaona madontho a bulauni m'mbali mwa kabuleta, yezani pampu.

Nachisale (Lilongwe):
Ndipo tizidutswa ta labalato tikhale tolembedwa J30R9. Petulo wambiri wa ku America ali ndi ethanol 10 peresenti, amaumitsa labala yakale. Amakaniko akuno nkhaniyi amaidziwa bwino, paja petulo wathu anayamba kusakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa mu 1982, nthawi imene pafupifupi galimoto iliyonse ya petulo inali ya kabuleta.

Kabaza27:
Che Saidi, kodi ku Joniko zoterezi ziliko, kapena mumangoonera pa YouTube ngati ife?

Che Saidi (Boksburg):
Ziliko mphwanga, ndipo zina ndi zobadwira konkuno. Capri Perana ya Basil Green, imene anaika 302 ya Ford mu kagalimoto kakang'ono. Chevrolet SS yomangidwa ku Port Elizabeth, imene kwenikweni ndi Holden Monaro ya ku Australia. Fairmont GT ya 351. Firenza Can-Am, anangopanga 100 zokha mu 1973. Sierra XR8 ya m'ma 1980. Pagalaja pamene ndimagwira timazilandira, ndipo eni ake amatsegula boneti asanakupatse moni.

A Chirwa (Cape Town):
Ukapita ku chionetsero cha magalimoto cha Cars in the Park ku Zwartkops, pafupi ndi Pretoria, uzikaona zili pa mzere. Ndipo ukayang'anitsitsa, pamene anthu odziwa amaima nthawi yaitali si pa za chrome chambiri. A Mbewe nawonso ali pamalo, South Bend ndi kwawo kwa magalimoto a Studebaker, fakitale inatsekedwa mu 1963 koma museum ilipo. Kaoneni mmene Studebaker Avanti inakonzedwera pansi pa boneti.

Mbewe (South Bend):
Ndimadutsa pamenepo popita ku ntchito koma sindinalowemo, ndipita. Tsono tapeti kava za chrome nonse mukuzikana?

Che Saidi (Boksburg):
Zotchipa zija ndikuzikana. Chitsulo chake n'chopyapyala, ndipo 350 yakale kava yake imagwiridwa ndi mabawuti anayi okha m'mphepete. Ukamanga, mlomo umapindika pa bawuti, pakati n'kutukuka, oyilo n'kumatsikira pa ekizozi. Munthu akaona kudontha amamangitsanso, n'kuonjezera vutolo. Chrome imaterera, gasiketi siigwira. Tengani za aluminiyamu zokhuthala, kapena zachitsulo za fakitale muziwongole mlomo ndi kahamala pa thabwa, muzipente olenji, muike tizitsulo totambasula mphamvu ya bawuti. Gasiketi ya labala yokhala ndi chitsulo m'kati. Kumanga kwake n'kwa dzanja limodzi, pang'onopang'ono.

Ndipo kava ikhale ndi mabowo awiri: mbali imodzi PCV valve, yokoka mpweya wa m'kati mwa injini kupita nawo pansi pa kabuleta, mbali inayo breather. Anthu amachotsa PCV chifukwa paipi yake "ikuipitsa", n'kuika ma breather awiri a chrome. Mpweya wa m'kati mwa injini umasowa chokoka, umatuluka ndi nkhungu ya oyilo n'kupaka paliponse pamene mwapenta, ndipo umakankha ma seal.

Manifold mukaichotsa, timagasiketi ta kutsogolo ndi kumbuyo timene timabwera m'paketi titayeni. Ikani mzere wa silicone wonenepa ngati pensulo pa mipanda iwiriyo, mutsitse manifold molunjika kamodzi, osaisuntha.

Tembo (Chipata):
Nanga mawaya a mapulagi? Ine ndimawamanga onse pamodzi ndi cable tie, amaoneka bwino.

Che Saidi (Boksburg):
Pa injini imeneyi ayi, ba Tembo. Firing order ya small block ya Chevrolet ndi 1-8-4-3-6-5-7-2. Mbali ya dalaivala wa ku America kuli 1, 3, 5, 7. Onani kuti 5 ndi 7 ndi oyandikana, ndipo amaphulika motsatizana. Mawaya awo akagona limodzi mtunda wautali, moto wa 5 umatha kudumphira mwa 7 nthawi yake isanakwane, pisitoni ikadali kukwera. Gwiritsani ma separator, ndipo awiri amenewo atalikirane kapena adutsane mopingasa. Gulani mawaya odula nokha kuti aliyense akhale ndi utali wake, ndi pamene pamaoneka udongo. Ngati pali ma branch (mapaipi a ekizozi ochokera pa head), ma boot a mapulagi asawakhudze.

Mdala Zgambo (Mzuzu):
Ma branch usawakulunge nsalu ija. Imasunga chinyezi, mapaipi amaola m'kati mwake. Penti ya injini wamba imapirira madigiri 260, pa branch imapsa tsiku lomwelo, pamafunika yake ya ekizozi kapena ceramic coating. Ndipo master cylinder uidzaze mosamala. Brake fluid ya DOT 3 ikadonthera pa firewall yako yatsopano imasenda penti. Yala nsanza pansi pake, botolo la madzi likhale pafupi.

Mbewe (South Bend):
Akuluakulu, ndabweranso ndi zithunzi. Mita inawerenga 9 volts pa BAT, monga ananenera achemwali a Nachisale. Pawudala anaonetsa switch ya oil pressure ndi kumbuyo kwa manifold, rear main ndi youma. Injini ili pa sitandi, yapentedwa olenji, pa manambala ndinamatapo tepi kuti aziwerengeka. Pansi pa thireyi ya batire panali bowo lolowa zala ziwiri, inner fender ya mbali imeneyo ndagula ina. Mawaya opanda ntchito adzaza chidebe. Firewall yauma, hita yabwerera. Kava ndatenga za aluminiyamu zakuda. Chrome ndaika pa air cleaner pokha, mundikhululukire. Sabata ya mawa injini ikulowa. Pali chimene ndaiwala?

Kabaza27:
Koma yatuluka bho akulu. Fani yokhayo ikuoneka yamaliseche.

Che Saidi (Boksburg):
Mphwangayu waona bwino. Shroud, chikuto chozungulira fani kuseri kwa rediyeta, ili kuti? Ngati munaipeza palibe, igulani. Popanda iyo fani imangozunguza mpweya wa m'mbali osakoka wodutsa mu rediyeta, pa mzere wa magalimoto ku Chicago temperature idzakwera. Mapeni a fani akhale theka m'kati mwa shroud, theka kunja. Potsitsa injini chotsani kapu ya distribyuta, HEI ndi yonenepa, imagunda firewall n'kusweka, ndi penti yomwe kukalika.

Nachisale (Lilongwe):
Mawaya a ethi (earth), achimwene. Powder coating ndi penti sizidutsa magetsi, ndipo panopa mwakuta chilichonse. Pakufunika waya wonenepa kuchokera pa negative ya batire kupita pa buloko, lamba wa ethi kuchokera kumbuyo kwa head kupita pa firewall, wina kuchokera pa injini kupita pa subframe, ndi wa nyale pa chogwirizira rediyeta. Paliponse pamene akumangidwa palani mpaka chitsulo chiwale, kamalo kongokwana washa, ikani star washer, mangani, kenako pakani girisi pang'ono pamwamba. Bracket ya alitaneta nayonso, pamene ikukhudza head pasakhale penti. Mukapanda kutero sitata imafunafuna njira yobwerera, ndipo imaipeza mu kebulo ya accelerator kapena ya giya, mpaka kuisungunula.

Tsiku loyamba musamangiretu negative. Ikani test light pakati pa terminal ndi batire, kiyi ali off, zitseko zotseka. Ikayaka, pali chimene chikudya moto, chipezeni musanapitirire. Ikapanda kuyaka mangani, yesani nyale, hutala, wiper, kenako ndiye kiyi. Chozimitsira moto chikhale pafupi, ndipo wina aime pambali akuyang'ana paipi ya petulo imene mwapindayo.

Mbewe (South Bend):
Wa pa subframe sindinamuganizire. Akhale wonenepa bwanji?

Nachisale (Lilongwe):
4 gauge ndi wokwanira. Wa batire kupita pa buloko akhale 2 gauge ngati batire ikadali kutsogolo. Injini ikalira muyezenso pa BAT ndi pa batire penipeni, manambala awiriwo asasiyane kwambiri, ndipo onse akhale cha m'ma 14.